Funsani Mmisiri: Madzi akagona kunsi kwa nyumba

Mwezi uno foni yanga yangolira za madzi zokhazokha. Wina denga, wina khoma, wina chimbudzi chamira. Ndasankhapo makalata anayi, onse ochokera kuno kwathu ku Mangochi. Yoyambayo ndaikhalira pansi nthawi yaitali, chifukwa nyumba za mtundu umenewo zatsala zowerengeka, ndipo amisiri ozidziwa tikutha. Mwa nthawi zonse, mayina ndachotsa.

FUNSO: Zikomo a mmisiri. Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala cha ku Namiyasi m'nyumba imene anatisiyira malemu bambo athu. Ndi nyumba yakalekale. Pansi pake si pasimenti koma pamatabwa, ndipo kunsi kwa matabwawo kuli mpata woti mwana atha kukwawamo. Chisefukirireni nyanja mu 2024 m'nyumba mumangonunkha chuku, zovala za m'sutikesi zikutuluka ndi mawanga, ndipo pakona ya kuchipinda thabwa likumira ukaliponda. Mnyamata wanga anasuzumirako ndi tochi ya pafoni, akuti kuli madzi olekeza m'kakolo. Alamu anga akuti tigule simenti matumba 20, tithire konkire kunsiko titsekeretu. Ndalama zimene ndili nazo ndi mpamba wa geni yanga ya usipa. Nditani?

YANKHO: Mayi, pepani ndi zimenezi. Mpamba wa usipawo umangeni kaye pansonga ya chitenje. Alamu anuwo muwathokoze, maganizo awo si opusa ndipo ndibwererakonso kwa iwo, koma sabata ino pasagulidwe thumba ngakhale limodzi.

Nyumba ngati yanuyo ndazikwawa kunsi zingapo m'mbali mwa nyanjamu, kuyambira paboma mpaka ku Monkey Bay. Amene anazimanga sanasiye mpatawo chifukwa choti dothi linawathera. Taganizani nkhokwe. Agogo athu ankaikhazika pamiyala kuti chimanga chisakhudzane ndi nthaka, mphepo izidutsa kunsi, ndipo chiswe chikayamba kukwera chioneke. Nyumba yanuyo ndi nkhokwe yaikulu. Pali timizati ta njerwa, pamwamba pa timizatito pagona mitanda, pamitandapo ndi pomwe anakhomera matabwa amene mumapondawo. M'khoma lakunja, chapansipansi, mumakhala mabowo olowera mphepo. Zonsezi zikakhala m'malo mwake, thabwa la mlombwa limaika maliro a mwini nyumba ndi a ana ake lidakali gwa.

Mnyamatayo asakwawireko. Nyumba zina zakale nthambo za magetsi zimadutsa kunsi komweko, ndiye aliyense asanaponde m'madzimo muzimitse main switch, osati ya pakhoma yokha ayi. Wolowayo akhale munthu wamkulu, avale majombo a mphira, atenge tochi yeniyeni ndi ndodo, ndipo wina aime pakhomo. Kumalo a mdima ndi chinyezi kumakonda njoka, zinkhanira ndi anankalizi. Ine tsiku lina ndinakumana maso ndi maso ndi ng'azi yotalika ngati mpini wa khasu, tonse awiri tinathawa, koma amene anagunda mutu pamtanda ndine. China n'chakuti madzi amenewo simukudziwa adutsa kuti. Nthaka ikakhuta, za m'chimbudzi zimayenda nawo pansi. Kolera wa 2022 ndi 2023 tonse tikumukumbukira mmene anatigwedezera boma lino. Wotuluka kunsiko asambe ndi sopo asanagwire mbale.

Tsopano funso limene alamu anu alilumpha: madziwo akuchokera kuti? Kuthira konkire musanadziwe zimenezi kuli ngati kumwa mankhwala a malungo pomwe chikukupwetekani ndi dzino.

Yambani ndi chophweka. Ngati muli ndi madzi a m'mipope, tsekani mipope yonse madzulo, mulembe manambala a pamita, m'mawa mukawerengenso munthu asanatsegule. Akasintha, paipi ina ikudontha, mwina kunsi komweko, ndipo ntchito yake ndi ya pulambala, ya tsiku limodzi. Mukatero zungulirani nyumba mvula ikugwa, inde, munyowe ndithu. Onani pomwe madzi a padenga akugwera, ndiponso ngati bwalo lapendekekera kukhoma. Mabwalo athu amakwera chaka ndi chaka osazindikira, chifukwa cha kusesa, kuthira dothi, kuika maluwa, mpaka nyumba imatsala m'dzenje ngati mbale.

Koma poti mwatchula 2024, ndikukayikira nthaka yeniyeniyo. Chitani izi. Zikani ndodo m'madzi a kunsiwo pamalo poti mutha kuiona muli panja, ndipo m'mawa uliwonse muzilemba chizindikiro pomwe madzi alekeza, kwa sabata yathunthu. Tsiku lomwelo kumbani kadzenje panja, mapazi khumi kuchokera kukhoma, kolekeza m'chiuno, mukavundikire ndi lata ndi mwala chifukwa cha ana ndi mbuzi. Mukapeza m'mawa kadzenjeko kadzadza kokha popanda mvula, ndipo madzi a pandodo sakusuntha kaya kuwale kaya kugwe mvula, dziwani kuti si madzi olowa ayi. Ndi madzi a pansi pa nthaka amene akwera limodzi ndi nyanja. Mchenga wathu wa kunowu madzi amangodutsamo ngati m'sefa.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa achinyamata ambiri amaona ngati zinayamba ndi namondwe Freddy mu 2023. Nyanja yathuyi ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira, ndiye Shire, amene amayambira pompano, kudutsa pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi, kulowa m'Malombe, mpaka ku Liwonde komwe kuli Kamuzu Barrage ya mu 1965. Mitsinje yonse ya kumpoto ndi ya ku Tanzania ikatsanulira m'nyanja, madzi onsewo amadzapanikizana pakhomo limeneli. N'chifukwa chake nyanja imafika pachimake cha m'ma Epulo ndi Meyi, mvula itatha kale, anthu n'kumadabwa kuti kuli dzuwa koma madzi akukwerabe. Imatsikitsitsa cha m'ma Novembala ndi Disembala. Mu 1980 ndinali kamnyamata kopondera amisiri matope, ndipo ndinaona ndi maso angawa madzi atafika pomwe akuluakulu ankati sanawaonepo. Akuluakulu omwewo ankasimba za nthawi ya makolo awo, kuyambira cha m'ma 1915, pomwe nyanja inatsika mpaka Shire anasiya kuyenda kwa zaka pafupifupi makumi awiri. M'zaka za m'ma 1990 inabwereranso m'mbuyo, ife n'kumanga pomwe inachokapo. Madzi saiwala khwawa, mayi. Nyanjayi ibwerera, idzabweranso, ndiye chimene mukonze chikhale choti chidzapirire ulendo winawo.

Ngati ndi madzi a pansi, kupopa lero n'kutaya mafuta, chifukwa pofika mawa abwerera pomwe anali. Dikirani nyanja itsike. Miyezi yabwino ya ntchito imeneyi ndi Seputembala ndi Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Koma pali zina zoti muchite lero lomwe, zaulere.

Pitani mukayang'ane mabowo a mphepo aja. Ndikubetcha mbale ya usipa kuti ndi otseka. Pafupifupi nyumba iliyonse yotere imene ndaiona, wina anawamata ndi simenti kapena kutsekamo zisanza poopa makoswe ndi njoka, ndipo kuwola kunayambira pomwepo. Atseguleni onse, mbali zonse za nyumba, kuti mwera ukalowa uku uzitulukira uko. Pakamwa pake mukhomerepo waya wa timabowo ting'onoting'ono, wotchinga khoswe ndi udzudzu womwe, pakuti madzi odikha ngati amenewo udzudzu umaswana m'sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono kukatentha. Pakona yomirayo chotsanipo bedi, muzule matabwa awiri kapena atatu, pakhale posatseka masana. Ngati mwayala kapeti ya pulasitiki pamatabwapo, ichotseni lero. Imeneyo imatsekera thukuta la nyumba mkati.

Madzi akayamba kutsika, otsalawo achotseni ndi ndowa, kapena mubwereke pampu ya kudimba. Pampu ya petulo ikhale panja, patali ndi zenera, chifukwa utsi wake m'malo otsekeka umapha mwakachetechete. Ngati madzi ndi ambiri musawachotse onse tsiku limodzi nthaka yakunja idakali yokhuta, chifukwa dothi lonyowa limakankha khoma kuchokera kunja pomwe mkati mwatsala mopanda kanthu. Agaweni masiku atatu. Muwatayire kumunsi, kutali, osati pakhomo pa aneba. Kenako matope, zidutswa za matabwa, makatoni, nsapato zakale, zonse zituluke, kutsale dothi lokha. Chidutswa cha thabwa chogona padothi ndi kalata yoitanira chiswe.

Kukauma, tengani msomali wa 6 inchi ndi tochi, mmisiri wa matabwa ayende mtanda uliwonse akubaya, makamaka kumapeto komwe mtanda wagona panjerwa kapena walowa m'khoma, chifukwa kumawola kuyambira kumeneko. Thabwa lamoyo limakana msomali. Lowola msomali umangolowa ngati m'papaya lakupsa, ndipo mukalitembenuza mumapeza ulusi woyera ngati wa kangaude kapena likuyoyoka timabokosi. Lodyedwa ndi chiswe kunja limaoneka bwinobwino, koma mukaligogoda limalira ngati ng'oma, ndipo patimizati mumaona tinjira tadothi tokwera m'mwamba. Mtanda umene wangowola pang'ono kumapeto muthe kuuphatika ndi wina watsopano m'mbali mwake, n'kumanga ndi mabawuti. Umene msomali walowa mpaka pakati, uchoke. Matabwa atsopano apakidwe mankhwala oteteza, monga Solignum, asanakhomedwe, ndipo pakati pa njerwa ndi mtanda paikidwe kachidutswa ka DPC, kapepala kakuda kamene timayala pamwamba pa maziko, kuti chinyezi chisakwere kuchokera mukamzati. Ena akuuzani za oyilo wakuda wa galimoto. Pamtengo wa mpanda kapena wa khola sindikana, koma kunsi kwa chipinda chogona ana ine ayi. Fungo lake silitha, ndipo moto ukabuka limakhala tsoka lina.

Chomaliza kunsiko ndi kukweza nthaka pang'ono ndi mchenga, kuti ikhale pamwamba kuposa bwalo lakunja ngati mpata ulola, n'kuyala pepala lakuda lochindikala lija la pamaziko. Mapepalawo apitirirane masentimita 30 polumikiza, muwapsinje ndi njerwa. Limeneli limatchinga nthunzi yochokera m'dothi. Koma liyalidwe madzi atatheratu. Kuliyala pamadzi n'kuwafunditsa bulangeti. Pamalo otsikitsitsa ndimakonda kukwirira chigubu chobowolabowola, chozunguliridwa ndi miyala ya kwale, kuti chaka china madzi akabwera azisonkhana pamodzi poti paipi ya pampu ifike mosavuta.

Nanga alamu aja? Ali ndi mfundo ngati mmisiri atapeza kuti mitanda yambiri yapita, ndipo madzi amabwera chaka ndi chaka. Zikatero kulimbana ndi matabwa n'kutaya ndalama. Koma kachitidwe kake si kuthira konkire m'madzi matabwa ali pamwamba. Mumazula matabwa onse, kudzaza mpatawo ndi miyala ndi dothi labwino pang'onopang'ono, masentimita 15 n'kutsendera, ena 15 n'kutsendera, pamwamba mchenga, kenako pepala lakuda, ndiye konkire. Ndipo muwauze masamu awa: chipinda cha mamita 4 mbali zonse, konkire wochindikala masentimita 10, wosakaniza simenti imodzi, mchenga iwiri, miyala inayi, chimadya matumba pafupifupi 10. Matumba 20 awo aja ndi zipinda ziwiri basi, osawerengera miyala, mchenga, thiransipoti ndi amisiri. Mukasankha njira imeneyi, chitani chipinda chimodzi chaka chino, china chaka chamawa, kuyambira chogona. Matabwa a mlombwa amene atuluke amoyo musawasandutse nkhuni. Akalipentala amawafuna, ndipo atha kukugulirani matumba angapo.

Zovala zija zichapeni, ziume padzuwa lenileni. Chuku cha pakhoma ndi pamatabwa chitsukeni ndi Jik, kapu imodzi m'malita asanu a madzi, mazenera ali otsegula, osasakaniza ndi mankhwala ena aliwonse otsukira. Ngati pali mwana wa mphumu, agone chipinda china mpaka fungolo lithe.

FUNSO: Bwana mmisiri, ine ndi mphunzitsi, ndinamanga nyumba yanga ku Mpondasi, njerwa zootcha, pansi simenti. Sipanathe zaka zambiri koma penti yayamba kufundukuka kuchokera pansi kulekeza m'mawondo, ndipo pakutuluka zoyera ngati mchere. Ndapaka penti ya oyilo kawiri, ikungotupa. Kodi anandigulitsa simenti yoipa?

YANKHO: Aphunzitsi, simentiyo isiyeni, ilibe mlandu. Khoma lanu likumwa madzi kuchokera pansi monga chimachitira chingwe cha nyali ya koloboyi. Njerwa ili ndi timabowo tosaoneka, madzi amakwera nato, akafika pomwe mphepo iwaumitsa amasiya mchere umene anautenga m'dothi. Zoyerazo ndi zimenezo. Mcherewo ukamauma umatupa, n'kukankha penti ndi pulasitala yomwe.

Chimene chimaletsa zimenezi ndi DPC, kapepala kakuda kaja kamene timayala pamwamba pa maziko tisanayambe khoma. Kamayenera kukhala masentimita 15 pamwamba pa nthaka, tinene makosi awiri a njerwa. Ndiye pali ziwiri: mwina kanaiwalika, kapena kalipo koma madzi apeza mlatho wokadumphira. Kandani pulasitala pakona ina yakunja, chapansi, mukafunefune. Mukakapeza kali pansi pa dothi, kapena khonde linathiridwa pamwamba pake, kapena amayi akunyumba anaunjika dothi la maluwa kukhoma n'kumathirira m'mawa ndi madzulo, mwagwira wakuba. Chotsani dothilo mpaka kapepalako kaonekere, maluwa asamukire pakati pa bwalo.

Ndikuuzeni zanga. Ndili mnyamata, nditangoyamba kudziyimira pandekha, bambo wina anandiitana pa vuto ngati lanuli. Pofuna kuonetsa ukatswiri ndinagwetsa pulasitala yense wapansi n'kumata wina wolimba kwambiri, simenti yochuluka, wosalala ngati galasi. Anandilipira mosangalala, anandipatsanso nkhuku. Dzinja lotsatira anandiitananso. Pomwe ndinamata panali pouma bwinobwino, koma chinyezi chinali chitatulukira pamwamba pake, m'chiuno, mzere wowongoka ngati ndinachita kujambula ndi levulo. Madzi ndinawatsekera khomo, iwo anangokwera kukafuna zenera. Penti yanu ya oyiloyo ikuchita zomwezo. Nkhuku ija ndinali nditadya kale, koma ntchito ndinaibwereza ulere.

Choncho yambani panja. Madzi a padenga asagwere m'tsinde mwa khoma: ikani gutter, paipi yake ikathire mu thanki kapena m'ngalande yopita kutali. Kuzungulira nyumba thirani kakhonde ka simenti kotambalala pafupifupi mita imodzi, kopendekera kunja, kokhala pansi pa DPC. Bwalo litsike masentimita 15 pa mamita atatu oyamba kuchokera kukhoma. Mukatero gwetsani pulasitala wowonongekayo kupitirira pang'ono pomwe chinyezi chalekeza, khoma likhale lamaliseche chilimwe chonse. Mchere ukamatuluka muzichotsa ndi bulashi youma, osatsuka ndi madzi, chifukwa mukatsuka mumaubwezera m'njerwa. Pomata, pulasitala akhale wopepuka, simenti imodzi ku mchenga isanu kapena isanu ndi umodzi, ndipo mupake laimu kapena penti ya madzi, zimene zimalola khoma kupuma.

Mukapeza kuti DPC mulibiretu, amaikamo nyumba ili chiimire, koma ndi ntchito ya mmisiri wodekha. Amachotsa njerwa mita imodzi, kuika pepala, kubwezera njerwa, kudumpha mita ina, kudikira pouma, n'kudzabwerera podumphidwapo. Wina akadzati agumule mzere wonse tsiku limodzi kuti ntchito ifulumire, mumuperekeze pamsewu.

Za pansipo, yesani chonchi: matani pepala la pulasitiki pasimenti ndi tepi mbali zonse, likhale tsiku limodzi kapena awiri. Mukalichotsa n'kupeza kunsi kwake kuli madontho kapena simenti yada, ndiye kuti pansi pa konkire sanayalepo pepala. Musathamangire matailosi. Onani kaye mmene zisinthire mukakonza zakunjazo.

FUNSO: Ndimachita lendi pafupi ndi msika wa paboma. Mvula ikagwa madzi amalowa pakhomo, matiresi anawola. Alandilodi akuti ndikonze ndekha popeza wogonamo ndine. Zoona?

YANKHO: Achimwene, mwa chizolowezi chimene ndachiona pa ntchito yangayi, denga, maziko ndi makoma ndi za mwini nyumba, pomwe kusesa ngalande ndi kusataya zinyalala pomwe madzi amadutsa ndi zanu. Yang'anani kaye ngalandeyo, mwina yadzadza majumbo ndi mabotolo, vuto n'kutha ndi khasu. Ngati si zimenezo, jambulani pafoni madzi akulowa, mukawaonetse mwaulemu. Ambiri amavomera kuti mukonze n'kudula pa lendi, koma zimenezo zilembedwe papepala, asaine, pakhale mboni, musanagule kanthu, ndipo malisiti musunge. Kampanda ka njerwa kosi imodzi pakhomo, komata bwino, kamatchinga madzi ambiri othamanga pamtengo wochepa. Akakana zonse, yambani kufunsira nyumba ina dzinja lisanafike. Matiresi achiwiri asawolerenso pomwepo.

FUNSO: Ine ndi gogo wa kwa Chimwala, wandilembera ndi mdzukulu wanga. Nyumba yanga ndi ya zidina, yofolera malata. Madzi anazungulira nyumba masiku anayi, tsopano khoma lakumbuyo ladyeka pansi ndipo pali mng'alu. Chimbudzi chinatitimira. Chitsime chili pafupi, madzi ake asintha mtundu. Ndimateko ndi dothi?

YANKHO: Agogo, ndagwada. Musanamate chilichonse, mdzukuluyo achite izi lero: akanikize chala chachikulu m'tsinde mwa khomalo. Chikalowa, kapena mng'aluwo ukakhala woti chala chikulowamo, kapena khoma likaoneka kuti lafufuma pamimba, usiku uno musagonemo. Chidina ndi dothi louma basi, chikamwa madzi chimabwerera kukhala matope, ndipo khoma lotere siligwa mvula ikugwa yokha ayi, limatha kugwa kuli nyenyezi, anthu ali m'tulo. Nthawi ya namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 nyumba zambiri zimene zinagwa m'midzimu zinayambira kudyeka m'tsinde chomwechi. Kagoneni kwa ana kapena kwa aneba masiku ochepa, palibe manyazi.

Ngati tsinde ndi lolimba ndipo mng'alu ndi waung'ono, matanipo kapepala ka m'kope modutsa mng'aluwo, mulembepo tsiku. Kakang'ambika, khoma likuyendabe. Kakakhala masabata awiri osang'ambika, likhoza kupulumuka. Anyamata aimike mitengo yochirikiza denga mkati, kuti kulemera kwa malata kuchoke pakhomalo, ndiye azichotsa zidina zodyekazo pang'onopang'ono, kadera kotalika ngati mkono, n'kuikamo njerwa zootcha zomangira simenti, kudikira ziume, n'kusunthira patsogolo. Kumata dothi pamwamba pa zodyekazo kungobisa bala. Zikatha, kuzungulira nyumba aunjike khonde lokwera, lotsendera bwino, lopendekera kunja, ndipo kumtunda kwa nyumba akumbe ngalande yokhota ngati uta yopatutsa madzi asanafike pakhoma. Mukadzamanga ina, ngakhale ya zidina zomwezo, makosi oyambirira mpaka m'mawondo akhale a njerwa zootcha kapena miyala, pachulu kapena pamalo okwezedwa, ndipo malata atuluke kunja mokwanira kuti mvula isamenye khoma.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi chitsimecho. Chimbudzi chikatitimira pafupi ndi chitsime, madzi n'kusintha mtundu, ndiye kuti ziwirizo zapatsana moni pansi pa nthaka. Musamwe madzi amenewo osawiritsa mpaka abwadamuke, kapena kuthira klorini. Mdzukuluyo apite kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu akawauze, iwo ndi amene amadziwa muyezo wa mankhwala othira m'chitsime. Dzenje lakalelo likwiriridwe ndithu, ana asaseweretseko. Latsopano likumbidwe kumunsi kwa chitsime, mamita 30 kapena kuposa, ndipo poti kwanuko madzi ali pafupi, lisakhale lakuya. Alimangire njerwa mkati kuti mchenga usagumukire, n'kulikweza pamwamba pa nthaka, muzikwera masitepe awiri kapena atatu. Mdzukulu, pambali pa masitepewo uwaikire agogo mtengo wogwirira.